Tsamba Limene Malume Sanalembe

9 Febuluwale

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Phwiti, mwana wanu wosakhazikika uja. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Kalatayi sindiponya ku positi, ndapatsira munthu wina wakwathu konko amene akubwera kudzaona bambo ake odwala. Foni sindingaimbe. Makutu anu aja anatha ndi chigayo, ndipo nkhani iyi si yokuwa.

Fakitale yathu akuitseka. Makina onse akupita kutsidya kwa nyanja, dziko lake satiuza. Bwana wamkulu anatisonkhanitsa m'kantini n'kutiuza mosaphethira kuti malipiro a munthu mmodzi wa ife amakwanira anthu asanu ndi anayi kumeneko, ndipo boma lakumeneko lawalonjeza zaka zisanu osakhoma msonkho. Anayambira kwa a makompyuta a m'chipinda cham'mwamba, aja ankatiyang'ana ngati fumbi. Anawauza aphunzitse anthu akutali pa kanema miyezi itatu, kenako anawapatsa makatoni oti alongedzemo makapu awo. Ife tinaseka. Tinati chitsulo cholemera ngati lole sichingadutse mu waya. Kani chimakwera sitima!

Mukudziwa kuti chiphaso changa chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchitoyi. Ntchito ikatha, nane ndatha. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, achemwali, ndikudinda zitseko za mafiriji pa makina amodzi omwewo, amene timawatcha Seveni. Chaka choyamba, ndikusowa kwathu, ndinajambula kambalame ndi msomali pambali pake pokumbukira Phwiti.

Tsono anatiuza kuti aliyense alembe buku la makina ake, amujambule kanema akugwira ntchito, ndipo yekhayo wolemba bwino ndiye adzalandire ndalama zotsanzikira. Mnzanga Ndevu, mkulu wokonza makina, anatikokera kuseri n'kunena kuti, “Tikumbe manda athu tokha? Aliyense asiyeko kanthu kamodzi. Akaone okha kumeneko, makina akawavuta abwerera kuno.” Tonse tinavomera.

Ine ndasiya tsamba limodzi. Seveni ali ndi khalidwe loipa: akatentha masana, nthawi zina amagwa kachiwiri yekha, munthu utachotsa kale phazi pa chopondera. Ine sindilowetsamo dzanja, ndimakoka chitsulo ndi ngowe ya waya imene ndinapinda ndekha. Pa kanema ndinabisa ngoweyo, ndinajambulitsa m'mawa makina ali ozizira. Sindinalembe. Musauze munthu, chonde. Tinasaina pepala lakuti wobisa kanthu alibe ndalama, alibenso chiphaso.

Mundipempherere. Ndikuopa kubwera kumeneko ndi chikwama chokha.

Ine mlongo wanu.

20 Epulo

Achimwene,

Moni. Kodi muli moyo? Chiyambire chaka ngakhale kapepala, mpaka ndayamba kuganiza kuti mwakwatira mkazi wosafuna abale. Ife kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija likaona mitambo limayamba zake.

Khalani pansi mumve. Pabwalo paja ankagulitsirapo matabwa amangapo fakitale, chinyumba chachitali cha malata chopanda ndi zenera lomwe. Malole akhala akututa makontena kuchokera kudoko mwezi wathunthu, fumbi lake zovala osayanikika. Tsiku lolemba ntchito mzere unayambira pageti mpaka unakhota pa golosale. Anthu a madigiri, achimwene, ataima padzuwa ndi maenvulopu pamutu! Anatenga anthu mazana awiri okha, ndipo mwa iwo muli Phwiti wanu. Ndinalulutira mpaka a telala oyandikana nafe aja anatuluka ndi tepi m'khosi, ankayesa kwagwa zovuta. Mwana wawonso wamkazi, mnzake wa Phwiti uja amawalowetsera ulusi m'singano poti maso awo anayamba kuchita mdima, nayenso amutenga, koma ali kolongedza.

Phwiti sali kolongedza ayi. Amuika pa makina enieni, akuti ali ndi mutu wogwira msanga. Amadinda zitseko za mafiriji. Makinawo si atsopano, anachokera kunja, alembedwa 7 wamkulu ndi penti yachikasu. Ndiye chimene chatiseketsa n'chakuti pambali pake wina anajambulapo kambalame. Mwanayo akuti, “Amayi, makinawa amandidikira ine.” Akudzimva ngati bwana, ngakhale mbale kuno sakutsukanso.

Malipiro si ambiri, koma ndi a mwezi ndi mwezi, chinthu chimene nyumba ino sinachionepo chimwalirire bambo ake. Chovuta n'chakuti kampani sipereka nsapato zachitsulo kumapazi, akuti aliyense agule yekha. Ngati mungathe tithandizeni pa zimenezo. Ayamba kudinda okha mwezi wamawa, panopa akungoonera kanema ndi kuwerenga buku.

Yankhani, musatichititse manyazi kwa wa positi.

Ine mlongo wanu.

11 Meyi

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga nditaima pakhomo. Ndaona kuti kalata yanga ya Febuluwale sinakupezeni. Munthu ndinamupatsira uja sindikudziwa kumene ali.

Fakitale yathu anaitseka. Makina afika kwanuwo ndi athu. Zambiri sindingalembe pa pepala lodutsa m'manja mwa anthu, koma ndimvereni chinthu chimodzi ichi. Phwiti achoke pa Seveni. Achoke sabata ino, asadikire kuyamba kudinda yekha. Apite kolongedza, kosesa, kulikonse. Akakana kumusuntha, asiye ntchitoyo. Nsapato ndatumiza ndalama yake, koma nsapato sizithandiza pa zimene ndikunenazi.

Musandifunse chifukwa. Ine atisunga anthu asanu oti timasule mashelefu ndi kusesa mpaka Sepitembala, ndipo ndalama zotsanzikira adzatipatsa tsiku lomaliza ngati sipatuluka dandaulo lililonse pa mabuku tinalemba. Pakamwa panga ndi pomangidwa. Ndinapita kwa Ndevu kuti mwina tikambirane, iye anangondigwira kolala n'kunena kuti mmodzi akayankhula tapsa tonse, anthu makumi anayi ndi ana awo.

Sindikudya, achemwali. Ndikatseka maso ndikuona timanja take tija tinkandigwira chala ndisanachoke. Pitani kwa kapitawo wake mawa lomwe, mugwade ngati n'kofunika kugwada. Ndapota nanu.

Ine mlongo wanu.

2 Juni

Achimwene,

Moni sindikupatsani wambiri chifukwa ndakwiya.

Kani nkhani ndi imeneyi? Ntchito yakutherani inu, ndiye mwana wanga asadyepo? Pepani kuti fakitale yanu anaitseka, ndinalira nditamva, koma sitinaitseke ndife. Ife tinangoona malole. Zaka zonsezi makinawo amadyetsa inu, tinkalandira zimene mwatumiza n'kuthokoza, sitinanenepo kuti chokanipo. Lero abwera okha pakhomo pathu, mukuti mwana asawakhudze, chifukwa chake ayi, “musandifunse”. Imeneyo ndi njiru, achimwene, ndipo sikukuyenerani. Kapena zikukuwawani kuti ntchito imene munkatiuza kuti ndi ya amuna ophunzira akuigwira kamtsikana kolandira kachigawo kochepa ka malipiro anu?

A telala atamva anati mwina kunjako kwakusokonezani mutu. Ine ndinawayankha kuti mutu wanu unali wotero kale.

Komabe ndinu malume ake, ndipo chibadwire sindinakuoneni mukulemba zilembo zokhota chonchija. Kalata yanu inandisowetsa mtendere masiku atatu. Lachinayi ndinavala bwino n'kupita kwa kapitawo. Ndinanama, Mulungu andikhululukire. Ndinati mwanayu amachita chizungulire akaima nthawi yaitali, ndiye angadzagwere m'makina. Kapitawoyo sanavute n'komwe, anati ofuna malowo ndi ambiri. Tsiku lomwelo anamusamutsira kolongedza.

Malipiro atsika. Phwiti sanandiyankhule sabata yathunthu, amangoika mbale patebulo mwamphamvu. Ndiye mwakondwa? Zimene mumafuna zachitika. Tsiku lina mudzandiuze chimene ndinanamira munthu wamkulu ndili ndi imvi kumutu.

Nsapato tagula, zikomo.

Ine mlongo wanu.

24 Juni

Achemwali,

Nditukwaneni mmene mungathere, ine ndikuti zikomo. Nditawerenga kuti Phwiti ali kolongedza ndinakhala pansi pa masitepe n'kulira ngati mwana, mayi wa nyumba ino mpaka anandibweretsera madzi. Tsiku limenelo ndinadya, ndinagonanso tulo kwa nthawi yoyamba chiyambire Meyi. Za malipiro atsikawo musadandaule, ndikalandira zanga mu Sepitembala ndidzakwaniritsa.

Kuno tikusesa chinyumba chopanda kanthu. Pamene panali Seveni patsala mabowo anayi a mabawuti ndi banga la mafuta. Ukatsokomola mawu amabwerera. Dzulo ndinamva akalaliki awiri akunena kuti zaka zisanu zopanda msonkho zikadzatha kwanuko, kuli kale dziko lina limene anthu ake amalandira zochepa kuposa inu. Ndiye muuzeni Phwiti asagule zinthu zambiri zodalira fakitaleyo. Makina amenewo alibe kwawo.

Kwatsala miyezi itatu yokha. Ndikangodutsa pamenepa ndidzakuuzani zonse.

Ine mlongo wanu.

6 Julayi

Malume,

Muli bwanji? Ndine Phwiti. Amayi sakudziwa kuti ndikukulemberani. Ndinakukwiyirani kwambiri, koma zatha, kolongedza kulinso nthabwala zake ndipo msana supweteka.

Malume, ndinakuzindikirani! M'kanema wophunzitsira Seveni nkhope sioneka, amangoonetsa manja, koma chala chanu chachikulu chokhota chija ndi chomwe chili pa chithunzi cha pakhoma kunyumba. Ndinakuwa m'kalasi kuti awo ndi amalume anga, anthu onse kuseka. Ndiye kambalame kaja munajambula ndinu eti? Ine ndimakapatsa moni m'mawa uliwonse ndikamadutsa.

Pa Seveni anaikapo mnzanga, mwana wa a telala. Tinangosinthana malo, iye kumakina, ine kumakatoni. Akusangalala zedi, akuti akasunga miyezi inayi awagulira bambo ake magalasi a maso. Ndi wachangu kuposa ine. Kuno amatiwerengera zitseko pa bolodi, ukapanda kukwanitsa nambala ya tsikulo amakulemba dzina ndi choko chofiira, ndiye aliyense amangothamanga. Iye dzina lake silinalembedwepo.

Koma ndikufunseni, poti makinawo mumawadziwa. Masana kukatentha, m'chinyumba muja mumakhala ngati mu uvuni, Seveni nthawi zina amagwa kawiri. Mnzangayo akuti amachotsa phazi bwinobwino, koma amangomva kachiwiri, phuu! Lachitatu anaphwanya chitseko chimodzi, iye anali atangotulutsa dzanja. Tinaseka kuti Seveni ali ndi chifuwa cha ukalamba. Anauza kapitawo, kapitawo anatsegula buku lanu, anawerenga tsamba ndi tsamba, n'kunena kuti mulibemo zotero, ndiye kuti mwanayo ndi amene akuponda kawiri. Anamuopseza kuti akaphwanyanso china amudula malipiro. Panopa sakunenanso.

Kodi inu zinkakuchitikirani? Munkatani? Mundiyankhe ine mwachindunji, ndikamuuze.

Ine mwana wa mlongo wanu, Phwiti.

29 Julayi

Phwiti mwana wanga,

Kalata yako yatenga masabata atatu. Ndaiwerenga lero m'mawa. Usamalize kuwerenga, thamanga kaye kwa mnzakoyo. Asalowetsenso dzanja mu Seveni. Ngakhale kamodzi.

Si iye akuponda kawiri. Seveni akatentha, kachitsulo kogwira chopondera kamafutukuka n'kulephera kubwerera, ndiye amagwa yekha. Zimayamba pakatha maola anayi akugwira ntchito. Chitseko chizikokedwa ndi ngowe, osati ndi dzanja. Ngowe yanga ndaiika m'phukusi limodzi ndi kalatayi. Masana azizimitsa makinawo mphindi makumi awiri, bolodi lilembe zimene lifuna.

Zimenezi ndinkazidziwa, Phwiti. Ndinazisiya dala m'buku. Ndinkafuna kupweteka kampani, ndipo m'mutu mwanga anthu akutsidya kwa nyanja analibe nkhope, analibe manja. Nditamva kuti ndi iwe ndinasowa tulo. Nditamva kuti wachokapo ndinagona tulo. Sindinafunse n'komwe kuti pamalo pakopo paima mwana wa yani. Masabata asanu ndakhala ndikusesa ndi kuwerenga masiku a Sepitembala, mwana wa mnansi wathu akulowetsa dzanja mmenemo.

Ndachokera ku ofesi. Ndawauza zonse za Seveni, za anzanga sindinatchule, ndipo ndinakana kutuluka mpaka mayi wa pa desiki atatumiza uthenga kwa mabwana a kwanuko ine ndikuona. Andilanda khadi la pageti. Ndalama zotsanzikira palibe, chiphaso chitha pakatha masiku makumi atatu. Ndevu anandilavulira malovu pafupi ndi nsapato. Zonsezo sizikundiopsa.

Chikundiopsa ndi ichi. Ndaimba foni ku golosale katatu kuti akuitane. Kawiri sanayankhe. Kachitatu mwini golosale atamva kuti ndine, anangoti, “Bambo, muwafunse achemwali anu,” n'kudula. Phwiti, kwachitika chiyani? Ndiuze msanga. Chonde ndiuze kuti ndachedwa ndi kalata yokha.

Ine malume ako.

19 Ogasiti

Achimwene,

Tili moyo. Phwiti ali bwino, manja ake onse ndi athunthu. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene maso anu akufuna.

Zinachitika pa 18 Julayi, cha m'ma 2 koloko masana. Mwana wa a telala wataya zala zinayi za dzanja lamanja, chatsala chachikulu chokha. Phwiti ndiye anamukulunga ndi malaya ake mpaka kuchipatala. Chibwerereni mwana wanga sakudya bwino, akangomva chitseko chikumenyetseka amadzidzimuka n'kubisa manja m'khwapa.

Patatha masiku anayi kunabwera bambo wina ndi kalata yanu ya Febuluwale, yonyowa ndi kuuma, akupepesa kuti anaiwala m'thumba la jekete pa nthawi ya maliro a bambo ake. Ndinaiwerenga kawiri. Ndikanakhala nanu pafupi tsiku limenelo, sindikudziwa chimene ndikanakuchitani. Ndinakutchani wanjiru, ndipo ndikanakonda mukanakhala wanjiru basi.

Phukusi lanu lafika dzana. Uthenga wanu wa ku ofesi unathandiza pang'ono: kampani inali itayamba kunena kuti mwanayo anaponda kawiri mwa kusasamala kwake, tsopano yasiya, akuti amulipira. Seveni anangoima masiku awiri. Panopa pali mtsikana wina wochokera mumzere uja, mzerewo sunathe mpaka lero. Phwiti anamupititsira ngowe yanu m'mawa womwewo, anamuonetsa kakokedwe kake, ndipo anaima pomwepo mpaka ataona kuti wagwira.

Tsono mverani chimene chikundidya ine. A telala sanatinene chilichonse. Amatipatsabe moni. M'mawa uliwonse amabwera pakhomo pano ndi singano zisanu pa kansalu, kuti Phwiti awalowetsere ulusi asanapite kuntchito, poti wowalowetsera uja sangathenso. Amakhala pa benchi kudikira, akuthokoza. Dzulo Phwiti akulowetsa yachitatu, anafunsa mofatsa, osandiyang'ana, “Mayi, chizungulire cha mwanayu chinatha?” Ndinasowa poyang'ana, achimwene. Iwo amadziwa bwino kuti mwana ameneyu chibadwire sanachitepo chizungulire, anakulira pakhonde pawo. Anangotenga singano zawo n'kupita.

Mwati mukubwera ndi chikwama chokha. Bwerani, chipinda chilipo, sitikuthamangitsani. Koma mukatsika basi musayambire kuno. Mudutse khomo lathu, mugogode lachiwirilo, la buluu, kwa a telala. Mukawauze ndi pakamwa panu zimene munalembera Phwiti, mwana wawoyo ali pomwepo akumva. Musaope kuti mukalowa nokha. Ndidzakudikirani pa golosale kuti tipitire limodzi, chifukwa tsamba munasiya ndinu, koma amene anavala bwino n'kukagwada kwa kapitawo kuti pa Seveni paime mwana wa wina, osafunsa kuti wa yani, ndine.

Ine mlongo wanu.